Mbaula ya Mapiko

Kanyama, Lachisanu masana

Asiyatu mwana wanga,

Salaam aleikum. Ndakhala pa benchi la ku shedi kuno, nyundo ndaika pansi, ndipo pepalali ndalitsamiritsa pa lata limene limayenera kukhala chidebe cha mayi wina wa ku komboni ya Garden. Adikire mayiyo, lero ntchito yanga ndi iwe. Ndikanatha kukuuza zonsezi pakamwa, koma ndimakudziwa. Ndikangoti "kale ife," iwe maso ali kale pa foni, "Badadi naimwe, mwayamba futi." Ndiye ndalemba, chifukwa pepala salidula mawu. Uwerenge mawa uli pa lole. Msewu wa ku Mkushi ndi wautali, ndipo netiweki ikakuthawa kupitirira Kapiri udzapeza kuti amene watsala nawe ndi bambo ako.

Choyamba udziwe kuti ndakondwa, ndakondwa mpaka chifuwa chikuchepa. Iwe amene unkapita kusukulu utavala majombo anga madzi akasefukira m'Kanyama muno, lero eni famu akusankha kuti ukayang'anire makina othirira tirigu nyengo yonse yozizira. Mtsikana! Kumzikiti lero ndauza aliyense, ndi amene sanafunse omwe, mpaka a Shehe anandigwira paphewa n'kunena kuti, "A Saidi, tinamva kale sabata yatha ija." Ndinawayankha kuti amvenso, nkhani yabwino siwola. Alhamdulillah.

Koma ndikudziwanso kuti ukunyamuka uli ndi kanthu kukhosi. Unandipempha kambaula kakang'ono, kokongola, koti uzilowa nako m'kalavani imene akupatsani kuti muzigonamo iwe ndi mnzako Mutinta. Ine ndakusulira chimbaula chimene chili pakhonde chija, chokhala ndi zitsulo zinayi zotuluka m'mbali, china uku china uku. Unachizungulira kawiri, manja ali m'chiuno, n'kundifunsa kuti, "Badadi, iyi ni mbaula olo ni ndeke?" Ana a pa mpopi anaseka. Amayi ogulitsa tomato pa kona anati ba Saidi bakalamba manje, manja yasila, ati manja anga atha. Zaka zonsezi ndikusula mbaula m'komboni muno, ya mwana wanga yeniyeni ndiyo yandichititsa manyazi. Ndamva zonsezo, ndipo sindinayankhe munthu.

Ndikuyankha iweyo. Pa zinthu zonse za kutchire kumeneko, njoka, akuba, anyamata a pakamwa potsekemera, palibe chimene chikundisowetsa tulo, chifukwa unaleredwa ku Kanyama ndipo zimenezo umazitha. Chimene ndikuopa ndi chimodzi chokha: kuti tsiku lina la mu Juni, chisanu chitakulowa m'mafupa, ungadzalowetse moto m'kalavani n'kutseka chitseko. Mbaula igone panja, Asiyatu. Mawu amenewa uwamva kangapo m'kalatayi, ndipo usatope nawo.

Sunadziwe bwino kuti inenso ndinagonapo m'kalavani nyengo yonse yozizira. Unali usanabadwe, ngakhale amayi ako ndinali ndisanawaone. Ndinalembedwa ntchito ndi gulu lokonza msewu kupitirira Serenje, ine wowotcherera zitsulo zikathyoka. Kalavani yathu tinkagona awiri, ine ndi Ba Mwape, omwewa amene amabwera pa Idi kudzamaliza mpunga wa amayi ako. Nthawi imeneyo anali woyendetsa thirakita, wowonda ngati bango, pakamwa posatseka. Ine ndinali mnyamata wa m'tauni, wochokera ku Malawi, wodziona ngati ndimadziwa zonse, ndipo tchire lija linandiphunzitsa bwinobwino.

Kupusa kwanga koyamba kunali katundu. Ndinanyamula chitiranki chachitsulo, m'kati muli suti, tayi, nsapato zosongoka, wailesi, ndi kabulangete kamodzi kopyapyala koti ukayang'ana kudzuwa umaona mbali ina. Ndinkaganiza kuti ndikukachita chiyani ndi suti pakati pa fumbi, mpaka lero sindidziwa. Kalavani, mwana wanga, ukatambasula manja umagwira makoma onse awiri. Chitiranki chija chinadya malo onse a pansi, ndipo m'mawa uliwonse Ba Mwape ankachipunthwa n'kutukwana m'Chibemba. Sabata yachiwiri kuzizira kutafika penipeni, suti ija inapeza ntchito: ndinkagona nditaivala, tayi nditamanga m'makutu. Ndaona nsapato zazitali zija zimene wabisa pansi pa chikwama. Zitulutse, tirigu sadzakuwombera m'manja. M'malo mwake uikemo bulangete lachiwiri limene amayi ako akugulira ku salaula, pa kaunjika paja, chipewa chaubweya ndi masokosi onse amene ungapeze, ngakhale osiyana mitundu.

Kupusa kwachiwiri kunali malo. Titafika, akuluakulu a pa ntchito anaimika makalavani awo pamtunda, pakati pa mitengo, zitseko zitafulatira kum'mawa. Ine ndinayang'ana mtunda wa kokatunga madzi n'kuona kuti anthu awa saganiza. Ndinanyengerera Ba Mwape kuti akoke yathu ndi thirakita mpaka kumunsi, m'mphepete mwa dambo, madzi pafupi, chitseko kuyang'ana kotulukira dzuwa. Nkhalamba ina inatiyang'ana n'kungoti, "Mukagone bwino." Sitinafunse kuti ikutanthauza chiyani, ndipo safunsa anadya phula. Chisanu chimatsikira kudambo, Asiyatu, n'kukagona komweko, ndipo mphepo ya nyengo imeneyi imachokera kum'mawa. Mbandakucha madzi a m'ndowa ankakhala atachita kachikopa kolimba pamwamba. Ine pofuna kusamba kuti ndiswali, madziwo akangondikhudza kumaso ndinkakuwa ngati mbuzi yogwidwa mwendo, dambo lonse n'kumva. Manyazi anatiletsa kubwerera kumtunda. Ukafika kumeneko ufunse anthu a pamalopo kumene mphepo imachokera, ndipo uimike pamene anzako aimika, pafupi ndi anthu.

Kachitatu ndinalakwa ndi pakamwa, kapena ndinene kuti ndi kutseka pakamwa. Ba Mwape ankayanika masokosi awo pamwamba pa mutu wanga, ndipo ankasunga nsomba za kapenta pansi pa bedi. Ine ndinkayala mkeka wanga wa swala pa kamalo kokhako kamene munthu akanaponda, kunja kusanache, iwo akufuna kutuluka. Palibe anauza mnzake kuti zikumunyansa. Tinangoyamba kufufuma, mpaka tsiku lina ndinatenga choko changa cholembera malata n'kujambula mzere pakati pa kalavani, uku kwanga uku kwanu. Vuto linali lakuti chitseko chinagwera kwanga, ndowa ya madzi kwawo. Masiku asanu osalankhulana, m'kachipinda koti mukakhala pansi maondo amagundana! Tsiku lachisanu ndi chimodzi Ba Mwape anaima pa mzerewo, miyendo atapanikiza, n'kunena kuti, "Ba Saidi, nipempako pasipoti, vinthu vavuta." Tinaseka mpaka misozi, ndipo mzere tinaufufuta ndi masokosi omwewo. Mutinta ndi mwana wabwino, koma adzakunyansa, ndipo iwenso udzamunyansa, usadzione ngati shuga. Chimene chakuwawa uchinene tsiku lomwelo, mofatsa, tiyi ali m'manja. Iye akamaimba nyimbo zake za kutchalitchi umusiye, naye adzakusiyira malo a mkeka wako.

Tsopano khala bwino pa lolepo, ugwire pepalali ndi manja awiri, chifukwa iyi sindinakuuzepo.

Kumapeto kwa Juni kuzizira kunafika poti mano ankachita kuwawa. Ine ndinayamba kufufuza kumene mphepo imalowera, ndipo ndinapeza timazenera tating'ono ta mizeremizere, kena pamwamba pafupi ndi denga, kena m'munsi mwa chitseko. Ndinati anthu amene anapanga kalavaniyi analibe nzeru, angasiye bwanji mabowo m'nyumba yogonamo? Ndinadula chigubu cha oyilo, n'kusula tizivundikiro tiwiri, n'kutikhomera bwinobwino, osasiya mpata ngakhale wa singano. Ntchito yaukhondo, yoti bambo anga amene anandiphunzitsa kusula akanaiona akanagwedeza mutu. Chitsulo chotsalacho ndinapangira kambaula kakang'ono, kokongola, ka chogwirira chopindika. Kofanana ndendende ndi kamene unandipempha iwe. Ba Mwape anakanyamula n'kunena kuti, "Mwandini, imwe muli na manja."

Loweruka madzulo tinakoleza makala panja, n'kudikira kuti utsi uthe. Ndi zimene tonse timadziwa kuno, si choncho? Utsi ukatha, makala akafiira, palibe vuto. Bodza limenelo, mwana wanga, bodza limene laika anthu ambiri m'manda. M'nyumba zathu za m'komboni timapulumuka kawirikawiri chifukwa mphepo imadutsa pansi pa malata ndi m'ming'alu ya zitseko, umphawi wathu ndiwo umatipumitsa. Kalavani ndi chitini chokhala ndi chivundikiro, ndipo ine ndinali nditamata pomwe panatsala. Tinalowetsa kambaula kaja, tinatseka chitseko, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi iwiri tinamva kufunda. Ndikukumbuka kuti ndinati, "Lero ndiye tigona ngati mabwana." Panalibe fungo, panalibe kutsamwa, panalibe ululu uliwonse wotichenjeza. Tsoka silinunkha. Ndinangomva tulo tokoma kwambiri, ndipo sindikumbukanso china.

Kutacha linali Lamlungu, tsiku lopuma, ndipo anzathu anali kumtunda kutali. Palibe akanatifunafuna mpaka Lolemba. Koma panali mtsikana wina wa m'mudzi wapafupi amene ankagulitsa kandolo, mbatata yophika ija, kwa anthu a msewu, ndipo njira yake yopita kumadzi inkadutsa pafupi ndi kalavani yathu. M'mawa uliwonse ankamva kukuwa kwanga kwa madzi ozizira kuja, n'kumaseka yekha. Tsikulo anadutsa, zii. Anatunga madzi, pobwerera, ziibe. Anaona mazenera atachita thukuta m'kati. Anagogoda, anaitana, kenako anasuzumira n'kuona anthu awiri ali gone, mbaula ili pakati. Sanathamange kukaitana anthu kaye, ndipo chimenecho ndicho chinatipulumutsa. Anatola chitsulo chochotsera matayala chimene chinali pansi pa thirakita, anakanula chitseko, anatikoka miyendo mmodzimmodzi mpaka pa udzu wa chisanu, kenako ndiye anayamba kukuwa.

Ndinatsegula maso ndili ku kachipatala, mutu ukung'ambika, nditadzisanzira, ndili mu suti, tayi ali m'makutu. Pambali panga panaima mtsikana uja, manja ali m'chiuno ngati mmene unaimira iwe pa mbaula paja. Mawu ake oyamba anali akuti, "Imwe ba Malawi, nzeru munasiya ku boda?" Amenewo ndi amayi ako, Asiyatu. Tinakuuza kuti tinakumana pa msika, ndipo si bodza kwenikweni chifukwa kandolo wawo ndinkagula, koma zoona zake ndi zimenezi. Ndinali ndi manyazi. Iwo amati anatola mwamuna pa udzu ngati dzungu, ndipo poti anali atamutola kale sakanamutayanso. Panopa akusuzumira pakhomo la shedi, akufunsa ngati ndalemba za tayi. Ndalemba, mayi, ndalemba.

Timaseka nkhaniyi ine ndi amayi ako, koma ili ndi mbali imene sitiseka. Ba Mwape anagona pafupi ndi mbaula kuposa ine, ndipo anatenga masiku atatu kuti azindikire anthu. Umawadziwa mmene amaimira pakati pa nkhani, kufunafuna liwu, n'kumenya pamphumi. Ana inu mumati ndi ukalamba. Si ukalamba, ndi tizivundikiro tanga tiwiri tija. Thirakita sanayendetsenso. Sanandinenepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo zimenezo zimandiwawa kuposa akanandimenya. Lachitatu lija anabwera ku shedi kuno, anapeza ndikuwotcherera mapiko a mbaula yako anthu akuseka pamsewu. Iwo sanaseke. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anagwira chitsulo kuti chisagwedezeke, n'kunena kuti, "Ikilamponi chala chimozi, ba Saidi." Ndinawonjezera chala chimodzicho pa mapikowo.

Ndiye udzafunda bwanji, ukufunsa. Mvera. M'thumba la mbaulayo ndakuikira njerwa ziwiri zowotcha. Madzulo mukamaphika panja, uziike pa makala mpaka zitenthe, uzikulunge m'chiguduli ndi chitenje chakale, n'kuziika kumapazi m'mabulangete. Imodzi yako, imodzi ya Mutinta. Njerwa imalowa m'nyumba, moto umatsala panja. Mapiko amene ukuwaseka aja ali ndi ntchito: upachikapo masokosi kuti aume, ketulo, ngakhale chimanga chowotcha. Ndipo mbaula yaikulu imaitana anthu. Udzaona, pofika sabata yachiwiri anthu a makalavani onse azidzakhala pakhomo panu kuwotha moto ndi kunama, ndipo nyengo yozizira imafupika anthu akamaseka. Ngati m'kalavanimo muli kachitofu ka gasi, uphikire zenera lili lotsegula, ndipo usakayatse kuti kakufunditse. Timazenera ta mizeremizere tija usatitseke, kaya ndi chitenje, kaya ndi pepala, kaya mphepo ikulira bwanji. Amene anatiika anali ndi nzeru kuposa bambo ako. Dzuwa likatuluka utsegule zonse, mabulangete uyanike, chifukwa mpweya wa anthu awiri umanyowetsa makoma. Mukadzadzuka nonse awiri mutu ukuwawa, musafunsane zambiri, tulukani panja msanga.

Chinanso, ndipo ichi ndinachiphunzira kwa amayi ako. Ukhale munthu woti ukakhala chete anthu adabwe. Ine ndinapulumuka chifukwa chokuwa ngati mbuzi m'mawa uliwonse. Upereke moni kwa aliyense, mlonda, wophika, amayi odutsa ndi nkhuni. Mupangane ndi a makalavani enawo kuti woyamba kudzuka azigogoda kwa anzake onse mpaka amve liwu. Akakuseka kuti mwana wa ku Kanyama ndi wamantha, uwauze nkhani ya munthu wa suti ndi tayi. Ndakupatsa chilolezo, dzina langa ulitchule. Ndipo kuno uziimba foni, ngakhale kungoti "ndadzuka," chifukwa amayi ako adzanamizira kuti sakudandaula, kwinaku akupsereza ndiwo.

M'envelopu muno upezamo kachingwe ka mfundo ziwiri. Usakataye. Lolemba lija ndinanena kuti ndikupita kukagula malata, koma ndinapita ku yadi kumene akupenta makalavani anu asanawakokere ku famu. Mlonda anandigwira ndili pa chitseko cha kalavani, ndikuyeza, ndipo anayesa wakuba. "Mudala, mufuna chani apa?" Ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera zonse zimene ndakufotokozera iwezi. Atamva anavula chipewa, n'kundigwirira nsonga ina ya chingwe, ndipo tinayeza zitseko zonse chimodzichimodzi kuti tipeze chachikulu. Kuchokera pa mfundo kufika pa mfundo inzake, ndiko kukula kwa chitseko chimenecho. Ukafika uyeze wekha, kenako uyeze mapiko a mbaula yako. Udzapeza kuti apitirira ndi zala zanga zinayi, kuwonjezapo chimodzi cha Ba Mwape. Uitembenuze uku, siilowa. Uitembenuze uku, siilowa. Ukaipendeketsa, makala akugwera pamapazi. Manja anga sanathe ayi, mwana wanga. Pa mbaula zonse zimene ndasula, imeneyi ndiyo ndinaiyeza kwambiri.

Ndikudziwa kuti chitsulo sichingakuletse zonse. Ukhoza kubwereka kambaula ka wina, ukhoza kupalira makala m'chitini. Ndiwe wamkulu, ndipo ine ndidzakhala kutali. Mbali ya chitsulo ndachita, yotsalayo ili m'mutu mwako, ndipo mutu umenewo ndimaukhulupirira chifukwa unatengera kwa amayi ako. Tsiku limene chisanu chidzakuluma mpaka kulira, Mutinta n'kunena kuti "tilowese chabe pang'ono," utenge kachingweka m'manja, ukumbukire Ba Mwape akumenya pamphumi. Mbaula igone panja.

Pita ukagwire ntchito, ukaone tirigu akubiriwira pamene dziko lonse lauma, ukaphunzire makina amenewo mpaka eni ake azikufunsa iweyo. Ukasangalale, chifukwa ine miyezi imeneyo, ndi kupusa kwanga konse, ndinaseka kuposa nthawi ina iliyonse, ndipo ndinabwerako ndi m'bale ndi mkazi. Kukayamba kutentha, Insha Allah, ndidzaima pa siteji kudikira lole, ndipo ndikufuna kudzaona iwe ukutsika, wakuda ndi dzuwa, wonenepa, ndege yako ili pamutu.

Mawa m'mawa ndiinyamula ndekha mpaka pa lole, ndidutsa nayo pa mpopi, ndidutsa nayo pa kona ya tomato. Aseke. Kanyama yense andiseke mpaka nthiti ziwawe, kusiyana n'kuti adzabwere pakhomo pano kudzandipepesa maliro ako.

Allah akusunge pa njira ndi pogona. Moto ugone panja, iwe udzuke.

Ndine bambo ako,
Saidi wosula mbaula